Nyumba ya m'mbali mwa madzi ku Mangochi: kukhalabe, kuchititsa lendi kapena kugulitsa?

Mukalowa m'nyumba zina za m'mphepete mwa nyanja cha ku Namiasi ndi ku Makawa, kapena zija zayandikana ndi Shire pa boma, yang'anani khoma cha m'munsi. Mupeza mzere wofiirira umene wazungulira chipinda chonse, wowongoka ngati anachita kuika levulo ya mmisiri. Pansi pa mzerewo pulasitala wafufuma, mukakhudza ndi chala akuyoyoka ngati ufa. Ena apakapo laimu kawiri katatu koma mzere ukutulukirabe. Pamenepo ndi pamene madzi anafika mu 2024, ndipo kuyambira nthawi imeneyo mabanja ambiri akhala akufunsana kuti tikhalebe, tichoke n'kuikamo anthu a lendi, kapena tingogulitsa.

Chikuvutitsa n'chakuti nkhani zimene tikumva zikusemphana. Uyu akuti vuto ndi mageti a ku Liwonde, uyo akuti anthu anamanga m'nyanja okha, wina akuti boma lidzasamutsa aliyense, winanso akuti madzi aja anapita ndipo sadzabweranso. M'munsimu ndamasula mawu amene amabwerabwera pa nkhaniyi, kuti banja likakhala pansi lizidziwa chimene likukambirana.

Madzi ake ndi ati?

Timangoti "madzi alowa m'nyumba", koma kuno madzi olowa m'nyumba alipo amitundu itatu.

Oyamba ndi a mitsinje ndi makwawa otsika m'mapiri. Amabwera mvula ikagwa yambiri kumtunda, kawirikawiri usiku, atasenza mchenga, mitengo ndi miyala. Pakapita tsiku limodzi kapena awiri aphwera, koma asiya nyumba za zidina zili pansi. Awa ndi amene amapha anthu. Tinawaona mu Januwale 2015, pa namondwe Ana mu Januwale 2022, komanso pa Freddy mu Malichi 2023, pamene anthu oposa 1,000 anafa kapena kusowa ndipo oposa 600,000 anathawa m'nyumba zawo, ambiri a m'chigawo cha kummwera. Akuluakulu anati madzi saiwala khwawa. Nyumba ikakhala pa njira imene madzi ankadutsa kale, ngakhale papite zaka 30 pali pouma, tsiku lina adzadutsanso pomwepo.

Achiwiri ndi a nyanja, pamodzi ndi Shire wa kumtunda ndi Malombe. Awa sadzidzimutsa. Lero afika pa mtengo wa mango uja, sabata yamawa pa mpanda, mwezi wamawa pa khonde. Nthawi yotulutsa katundu imakhalapo. Koma akafika amakhala miyezi, ndipo mphepo ikaomba mafunde amamenya khoma usana ndi usiku, uku akukumba mchenga pansi pa maziko. Ndi madzi omwewa amene amabweretsa ng'ona ndi mvuu pafupi ndi khomo.

Achitatu ndi a pansi pa nthaka, ndipo anthu ambiri sawawerengera. Nyanja ikakwera, madzi a m'nthaka amakweranso, ngakhale pa poloti imene ili patali ndithu ndi gombe. Pabwalo pamaoneka pouma, koma chimbudzi chokumba chadzaza chokha, dzenje la suweji lasiya kumwa madzi, simenti ya pansi ikuchita thukuta, ndipo madzi a pachitsime asakanikirana ndi zam'chimbudzi. Kwa ife a ku Mangochi, amene tinali m'gulu la maboma okhudzidwa kwambiri ndi kolera wa 2022 mpaka 2023 uja anapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, nkhani ya chimbudzi si yaing'ono ayi.

Tikafuna kuyerekeza, madzi oyamba ali ngati mbala yothyola chitseko usiku, achiwiri ngati mlendo wofika masana koma wosatsanzika, achitatu ngati chiswe. Pa nyumba imene ili pa njira ya madzi oyamba, nkhani ndi ya moyo wa munthu wogonamo, kaya ndi mwini kaya ndi wa lendi. Pa enawo nkhani imakhala ya ndalama ndi matenda, ndipo apo mpata wowerengera ulipo.

Mulingo wa nyanja ndi nambala ya 477

Pa wailesi akamati nyanja yafika mamita 476, sakunena kuya kwake. Akunena kutalika kwa pamwamba pa madzi kuchokera pa mulingo wa nyanja yamchere. Zili ngati ndowa ya madzi yoikidwa pa tebulo, inu n'kumayeza kuchokera pansi pa nyumba kufika pamene madzi alekezera. Kusintha kwa mita imodzi pa nambala yaikulu chonchi kumamveka kochepa, koma pa gombe lathyathyathya ngati lathu, mita imodzi imalowa kumtunda mtunda wautali.

Chaka chilichonse nyanja imayamba kukwera cha mu Disembala kapena Januwale, imafika pachimake cha mu Epulo ndi Meyi, kenako imatsika mpaka dzinja lina. Kumeneku ndi kupuma kwake kwa pachaka, ndipo aliyense wokhala kunyanja amakudziwa. Chimene ambiri sitikumbukira ndi kukwera ndi kutsika kwa zaka makumi. Kuyambira cha mu 1915 mpaka cha mu 1935 nyanja inatsika kwambiri moti Shire analeka kutuluka m'nyanja, ndipo Malombe inasanduka dambo loti anthu ankalimamo. Kenako madzi anabwerera, n'kumakwerabe mpaka mu 1980 pamene anadutsa pang'ono mamita 477. Umenewo ndiwo mulingo wapamwamba kwambiri chiyambire kulemba miyezo. Cha m'ma 1997 anatsika kufika cha pa 473, ndipo mu 2016 ndi 2017 anatsikanso, zija magetsi ankathima tsiku lonse chifukwa madzi opita ku Nkula ndi ku Tedzani anachepa.

Mbiri imeneyi ikutithandiza kumvetsa chifukwa chimene anthu anamangira pamene anamanga. Munthu wobadwa pambuyo pa 1980 anakula akuona mchenga wautali pakati pa mudzi ndi madzi. Mfumu yogawa malo inkaona pouma, wogula ankaona pouma, mmisiri wokumba maziko sanapeze madzi. Nyumba zambiri za njerwa zowotcha ndi malo ogona alendo zinamangidwa m'zaka zimene nyanja inali pansi. Mu 2024 madzi atadutsa mamita 476, anangobwerera pa malo amene agogo athu ankawadziwa kuti ndi a nyanja.

Chinasokoneza anthu chaka chimenecho n'chakuti kumunda chimanga chinkapsa ndi ng'amba ya El Niño, moti Pulezidenti wa nthawiyo, Lazarus Chakwera, analengeza za ngozi m'maboma 23 mwa 28, koma kugombe madzi ankalowa m'nyumba. Yankho lake lili kumpoto. Madzi ambiri olowa m'nyanja ya Malawi amachokera ku mitsinje ya kumpoto ndi ku Tanzania, monga Ruhuhu, Songwe ndi South Rukuru, kuwonjezera pa mvula yogwera pa nyanja penipenipo. Mvula ikachuluka kumeneko, nyanja imakwera ku Monkey Bay ndi ku Malindi ngakhale kuno kusagwe dontho. Choncho munthu wa ku Mangochi sangadziwe za nyumba yake pongoyang'ana mitambo ya pamwamba pa mudzi wake.

Nambala ya 477 ikuchokera pa mulingo wa 1980 uja. Bungwe la National Water Resources Authority, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la za madzi la 2013, lakhala likunena kuti malo a m'mbali mwa nyanja amene ali pansi pa mamita 477 si omangapo. Vuto ndi lakuti mzere umenewu suoneka ndi maso. Pa gombe lotsetsereka uli pafupi ndi madzi, pa gombe lathyathyathya uli kutali mkati mwa mudzi. Wodziwa kuyeza malo ndi makina angakuuzeni kuti simenti ya pansi pa nyumba yanu ili pa mamita angati, ndipo ine ndimaona kuti ndalama yolipira munthu ameneyu ndi yoyamba kuiwononga musanaganize china chilichonse. Ngati simungathe, pali njira yapafupi. Pezani pamene madzi analekezera mu 2024, pakhoma kapena pa mtengo, muwonjezerepo kuposa theka la mita. Apo ndi pamene madzi a 1980 akanafika, osawerengera mafunde. Nyumba imene mu 2024 madzi anangonyambita khonde, pa mulingo wa 1980 akanalowa mpaka m'mawondo.

Mageti a ku Liwonde

Kamuzu Barrage, imene anthu amangoitchula kuti mageti a ku Liwonde, inamangidwa mu 1965 pa Shire ku Liwonde, ndipo inakonzedwanso m'zaka zaposachedwa ndi thandizo la World Bank. Ntchito yake ndi kulamulira madzi otsika ku Shire kuti makina a magetsi a ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira, mipopi ya madzi a ku Blantyre ndi minda yothirira ya ku Chikwawa zisasowe madzi m'chilimwe. Ili ngati mpopi wa pa thanki yaikulu.

Koma mpopiwu ndi waung'ono poyerekeza ndi thanki yake. Madzi ambiri ochoka m'nyanja, kuposa magawo atatu mwa anayi, amauma ndi dzuwa ndi mphepo, ndipo Shire amatenga otsalawo. Nyanjayi ndi yaikulu masikweya kilomita pafupifupi 29,000. Tikawerengetsa, ngakhale atatsegula mageti n'kuwonjezera malita 500,000 pa sekondi iliyonse, pangapite pafupifupi sabata kuti nyanja itsike ndi sentimita imodzi yokha. Ndipo madzi owonjezerawo sasowa kopita: amakafika ku makina a magetsi ndi ku midzi ya ku Chikwawa ndi Nsanje, kumene anthu amavutika kale ndi madzi osefukira.

Oyendetsa mageti amaima pa mfundo imeneyi, kuti kutsegula kwambiri kungapulumutse pang'ono kumtunda koma kuwononga zambiri kumunsi. Eni nyumba ndi malo ogona alendo a kuno amayankha kuti masentimita amenewo akaunjikana kwa miyezi yambiri ndi ambiri ndithu, kuti madzi akanayamba kutulutsidwa nthawi ikadalipo, komanso kuti kwa okhala m'mbali mwa Shire ndi Malombe mageti amakhudza madzi awo mwachindunji kusiyana ndi a kunyanja yaikulu. Mbali zonse zili ndi mfundo zomveka. Kwa mwini nyumba, chofunika kudziwa n'chakuti mageti okha sangatsitse nyanja m'masiku owerengeka, ndipo owayendetsa amayang'ananso magetsi a dziko lonse ndi anthu a kumunsi.

"Kamodzi pa zaka 20"

Akatswiri akamati malo akuti amasefukira kamodzi pa zaka 20, ambiri timamva ngati madzi akabwera chaka chino tapuma zaka 19. Sizili choncho. Tayerekezani thumba la nyemba 20, zoyera 19 ndi yofiira imodzi. Chaka chilichonse mumapisamo dzanja osayang'ana, n'kubwezeramo nyemba mwatolayo. Yofiira ikhoza kutuluka zaka ziwiri zotsatizana. Pa zaka 10, mwa anthu 10 opisa m'thumba lotere, pafupifupi anayi amakhala ataitola kamodzi kapena kuposa.

Nyanja imaposa pamenepa chifukwa imasunga madzi ngati nkhokwe. Chaka cha madzi ambiri chikatha, dzinja lotsatira limapeza nyanja ili kale pamwamba, ndipo mvula yapakatikati imakwanira kuibwezera pakhonde. N'chifukwa chake zaka za madzi okwera zimabwera motsatizana, chimodzimodzinso zaka za madzi otsika.

Malowo ndi a ndani, nanga wolamula ndani?

Malamulo a malo a 2016, amene anasinthidwanso mu 2022, amasiyanitsa malo a boma, malo a munthu okhala ndi mapepala monga liizi, ndi malo a makolo oyang'aniridwa ndi mafumu. Nyumba zambiri za m'midzi ya kwa Mponda, kwa Chimwala, kwa Nankumba ndi kwa Makanjira zili pa malo a makolo, ndipo umboni umene mwini ali nawo ndi kapepala kosainidwa kwa mfumu, mwinanso mboni zokha. Izi zimakhudza chisankho. Malo a makolo akasiyidwa zaka osalimidwa, osakhalidwa, amayamba kukopa maso a achibale ndi oyandikana nawo, ndipo malire amayenda. Anthu ambiri amene amaika wa lendi pa nyumba yotere safuna kwenikweni ndalama ya lendiyo. Amafuna kuti pakhomo pazioneka utsi.

Amene ali ndi liizi awerenge ndime zake, chifukwa ena amafuna chilolezo musanagulitse kapena kuikamo munthu wina. Adziwenso kuti liizi imangonena kuti malowo ndi anu kwa zaka zakutizakuti. Sinena kuti malowo ndi otetezeka ku madzi.

Palinso nkhani ya m'banja, imene kuno ndi yaikulu. M'midzi yambiri mwamuna amakakhala kwa mkazi, ndiye malo ndi a mbumba ya mkazi, koma njerwa, simenti ndi malata zinagulidwa ndi ndalama za mwamuna kapena za mwana amene ali ku Joni. Ndinakhalapo pakhonde lina pamene mayi wachikulire ankamvera uthenga wa mawu pa WhatsApp wochokera kwa mwana wawo ku Johannesburg. Mwanayo ankati, "Amayi, chokanipo pamenepo, ndikupezerani nyumba ya lendi kumtunda, iyo tiikemo anthu." Mayiwo anaika foni pa mkeka n'kuuza mlongo wawo amene anali pomwepo kuti, "Achimwene, mumuuze mphwanuyu kuti malo ano anandisiyira ndi amayi anga. Iye anamanga nyumba, inde, koma dothi si lake." Onse awiri ankanena zoona. Ngati mwini nyumba anamwalira, lamulo la chuma cha masiye la 2011 limateteza mkazi kapena mwamuna wotsala pamodzi ndi ana, ndiye wachibale mmodzi sangangodzuka n'kugulitsa. Banja limene silinagwirizane kuti wolamula ndani, wolandira lendi ndani ndipo wokonzetsa ndani madzi akawononga, limadzakangana pa nthawi imene nyumba ili m'madzi.

Kuchititsa lendi

Njira iyi ndi imene imakopa ambiri chifukwa imaoneka ngati yapakati: nyumba sinatayike, banja lili pouma, ndalama ikulowa. Koma tiyang'anitsitse chimene chimachitika. Chiopsezo cha nyumba ya m'madzi chili pawiri. Pali cha thupi, monga kugweredwa khoma, kolera, malungo, ng'ona ndi kuwonongeka kwa katundu wa m'nyumba. Pali cha chuma, monga maziko, makoma, chimbudzi ndi mtengo wa nyumbayo. Mukachititsa lendi, chiopsezo cha thupi chimapita kwa wa lendi, cha chuma chimatsala ndi inu chonse. Zili ngati kubwereketsa bwato lothonya. Wopalasa ndi wina, koma bwato likamira ndi lanu, ndipo mudzi wonse ukudziwa kuti munkadziwa za kuthonyako.

Powerengera ndalama, ndi bwino kuwerenga ndi miyezi ya lendi m'malo mwa makwacha, popeza kwacha imasinthasintha. Tiyerekeze chaka cha madzi. Miyezi itatu nyumba ili m'madzi, wina umodzi ikuuma ndi kukonzedwa, ndiye lendi yalowa ya miyezi isanu ndi itatu. Kukonza pulasitala, kupaka penti, kusintha zitseko zofufuma ndi kukumba chimbudzi china kwadya lendi ya miyezi inayi. Mwatsala ndi ya miyezi inayi, pamene inu kumene mwasamukira mwalipira miyezi 12, ndipo nyumba za pouma lendi yake imakhala yokwera kuposa za m'madzi. Zikamachitika kamodzi pa zaka zisanu, zaka zinayi zabwinozo zikhoza kukwirira. Zikachitika zaka zitatu zotsatizana, nyumba yayamba kudya m'thumba mwanu. Kumbukiraninso kuti kwacha itagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, simenti ndi malata zinakwera nthawi yomweyo, koma lendi sikwera msanga choncho chifukwa malipiro a okhalamo sanakwere. Pamwamba pa izi pali msonkho wa ku MRA, popeza lendi ndi ndalama yopeza, ndi wa ku khonsolo kwa amene ali m'tauni.

Tsopano funso lovuta ndi lakuti wolowamo ndani. Munthu wa m'mudzi momwemo amadziwa pamene madzi amafika, ndipo akalowa amalowa akudziwa, mwina chifukwa lendi yatsika. Amene sadziwa ndi mlendo: mphunzitsi kapena namwino amene angomutumiza kumene kuno, wogula usipa wochokera ku Lilongwe, banja laling'ono longoyamba kumene. Anthu otere amaona nyumba mu Seputembala kapena Okutobala, pabwalo pali fumbi, khoma lapakidwa penti watsopano. Eni nyumba ena amati wa lendi ndi wamkulu, ali ndi maso, afunse yekha kwa oyandikana nawo, ndipo kunena zonse ndi kuthamangitsa ndalama. Ena amati kubisa mzere wa madzi kwa munthu wobwera ndi ana ake n'chimodzimodzi kumugulitsa mbuzi yodwala. Kumbali ya ndalama yokha, wa lendi amene wadzidzimuka ndi madzi amachoka osalipira, amafuna dipoziti yake, nkhani imakafika kwa mfumu kapena ku khoti, ndipo nyumba imatchuka ndi mbiri yoipa. Amene anauzidwa poyamba amakweza katundu pa nthawi yake ndipo kawirikawiri amabwerera madzi akaphwera. Kwa ine, pa nyumba imene ili pa njira ya madzi a usiku aja, kumuuza munthu sikukwanira, chifukwa wogona tulo sathawa ngakhale anachenjezedwa.

Mapangano ambiri a lendi kuno ndi apakamwa. Pa nyumba ya m'mbali mwa madzi, pepala losainirana pamaso pa mboni limathandiza onse awiri. Lilembedwe kuti madzi anafika pati ndipo chaka chiti, kuti lendi imaima tsiku limene nyumba yasiya kukhalika, kuti dipoziti idzabwezedwa bwanji, kuti chimbudzi chikadzaza wokonza ndani, ndiponso kuti katundu wa wa lendi akanyowa mlandu ndi wa ndani.

Pali njira zina zapakati zimene anthu akuyesa. Ena amachititsa lendi m'chilimwe mokha, kuyambira cha mu Julayi mpaka Disembala, kwa ochita malonda a nsomba kapena alendo odzaona nyanja, ndipo dzinja likafika amatseka. Ena amasandutsa nyumba kukhala mosungira maukonde ndi injini, kuti pasagone munthu. Ena amaikamo wachibale wongosunga pakhomo osalipira. Chimene ambiri amaopa ndi nyumba yopanda munthu, chifukwa imayamba kutha ndi anthu madzi asanafike: lero mawaya a magetsi, mawa mafelemu a mawindo, kenako malata.

Inshuwaransi

Inshuwaransi ya nyumba ili ngati chipereganyu cha tsoka. Ambiri amasonkha pang'onopang'ono kuti amene wagweredwa alandire. Imayenda bwino pa ngozi yogwa mwadzidzidzi monga moto. Madzi osefukira kawirikawiri amafuna kuwonjezeredwa mwapadera pa pepalalo, ndipo kampani ikhoza kukana kapena kukweza mtengo ikaona kuti malowo amalowa madzi nthawi ndi nthawi. Musanasaine funsani molunjika ngati kukwera pang'onopang'ono kwa nyanja ndi madzi otuluka pansi zikuwerengedwa, ngati pepalalo limagwirabe ntchito nyumba ikakhala yopanda munthu kwa nthawi yaitali, ndiponso ngati kuikamo wa lendi kumasintha kanthu. Katundu wa wa lendi salowa pa inshuwaransi ya mwini nyumba. Makampaniwa amayang'aniridwa ndi Reserve Bank of Malawi, ndipo ndi kumene madandaulo amapita.

Kugulitsa ndi kusamuka

Mtengo wa nyumba ya m'madzi umatsatira chikumbumtima cha anthu. Madzi akangochoka umagwa, pakapita zaka zingapo zouma umadzukanso. Wogulitsa lero amataya ndalama koma amatula katundu. Wodikira akhoza kupeza mtengo wabwino, akhozanso kupeza khoma litang'ambika. Ndipo funso la kunena zoona lija limabweranso, mwina mokulirapo, chifukwa wogula amaikapo ndalama za moyo wake wonse. Ena amasankha kugumula okha, n'kunyamula malata, zitseko, mafelemu ndi njerwa kukamangira kumtunda, malo akale n'kusiya a dimba kapena oyanikapo nsomba.

Wokhala m'tauni akamva kuti anthu akukana kusamuka amadabwa, koma kusamuka si kunyamula nyumba yokha. Msodzi amafuna kugona pamene akumva injini yake ndi kuona nyengo ya pa nyanja m'bandakucha. Mayi woyanika usipa pa thandala sangayende makilomita asanu ndi beseni kawiri pa tsiku. Pali mzikiti kapena tchalitchi, madrasa, sukulu ya ana, mjigo, ndi manda a makolo. Kumtunda nakonso kuli zake: malo akwera mtengo, madzi akumwa ndi ovuta, ndipo poloti ya m'tsinde mwa phiri ikhoza kukhala pa njira ya madzi a mtundu woyamba uja. Freddy anapha anthu ambiri m'mphepete mwa mapiri, ku Chilobwe mu Blantyre, ku Mulanje ndi ku Phalombe, kutali ndi nyanja ya Malawi.

Pambuyo pa Freddy, Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo latsopano la za ngozi zogwa mwadzidzidzi la 2023, kulowa m'malo mwa la 1991. Lamuloli limapatsa boma mphamvu yolengeza kuti dera lakuti ndi loopsa kukhalamo ndi kusamutsa anthu, ndipo nthambi ya DoDMA ndi imene imatsogolera ntchito za ngozi. Zimene zachitika ku Nsanje, monga kwa anthu a ku Makhanga, zaonetsa kuti kusamutsa kumavuta pamene malo atsopano alibe minda, madzi ndi sukulu, moti ena amabwerera kufupi ndi madimba awo. Kumeneko mabanja ambiri amakhala ndi makomo awiri, lenileni kumtunda ndi msasa ku dimba. Mwina kunyanja kuno zidzafikanso pamenepo.

Mafunso amene adakalipo

Loyamba ndi la nyanja yeniyeniyo. Kodi zaka za madzi okwerazi zikupita kumapeto monga zinachitikira pambuyo pa 1980, kapena kusintha kwa nyengo kwasuntha mulingo wake? Akatswiri amagwirizana kuti mvula yamphamvu ndi anamondwe zikuwonjezeka mphamvu, koma kutentha kumawonjezeranso kuuma kwa madzi pa nyanja, ndipo ziwirizi zimakokera kosiyana.

Ena ndi a malamulo. Mzere wa 477 udzaikidwa liti zizindikiro zooneka m'midzi, kuti mfumu, wogula ndi wa lendi aziuona ndi maso? Nanga nyumba zimene zili kale pansi pa mzerewo, zina zokhala ndi liizi ya boma ndi mapulani ovomerezedwa, zidzatani, ndipo ngati pali chipukuta misozi adzalipira ndani? Dera likalengezedwa kuti ndi loopsa, kodi kuchititsa lendi kumeneko kudzakhala mlandu, ndipo wa lendi amene alibe malo akeake adzawerengedwa pa mndandanda wa osamutsidwa, kapena thandizo lidzapita kwa mwini nyumba amene anachokapo kale? Pa kayendetsedwe ka mageti a ku Liwonde, kodi okhala m'mbali mwa nyanja, Shire ndi Malombe adzakhala ndi mpando pamene pamagamulidwa za madzi otulutsidwa?

Palinso funso limene mafumu a kunyanja angadzakumane nalo. Banja likasamukira kumtunda n'kusiya malo a makolo ali m'madzi, kenako nyanja n'kutsika ngati mu 1997, mchenga wautali uja n'kuonekanso, malowo adzakhala a banja lija, a mfumu, kapena a boma?